D kaye, C pambuyo

Achimwene ena a ku Nkhotakota, omwe angolembedwa kumene ntchito pa kampani yogwiritsa kompyuta yaikulu ya IBM yotchedwa AS/400, anditumizira imelo. Akuti pulogalamu ya malipiro yolembedwa mu chinenero cha mapulogalamu cha RPG imaima mwezi ukamatha ndi uthenga wa RNQ0907 (wonena kuti yapeza nambala yosawerengeka), abwana awo amangoti "yankhani C, muyambirenso", ndiye akufunsa ngati dump (lipoti la zomwe zinali mu pulogalamu nthawi yomwe inaima) ili ndi ntchito, poti imangotuluka masamba ambirimbiri a manambala osamveka.

Achimwene, inu mulibe mlandu. Amene andikwiyitsa ndi abwana anuwo.

Ine makina amenewa ndinawadziwira pa ofesi ina yogula thonje kuno ku Salima. Chipinda cha kompyuta ndi chokhacho chinali ndi makina oziziritsa, ndiye dzuwa likaswa mtengo aliyense ankapeza chifukwa cholowamo, ngakhale amesenjala. Nyengo yogula, alimi ankakhala pamthunzi kunja kudikira ndalama zawo, ena atabwera panjinga kuchokera kutali ngati ku Khombedza. Ukalemba lamulo la WRKACTJOB, loonetsa ma job amene akuyenda, n'kuona job yaima pa MSGW kudikira yankho, mtima unkagunda, chifukwa pasanathe mphindi akauntanti afika pakhomo: "Zatheka kodi?" Uthenga uja umakupatsa zilembo zinayi zoti uyankhe: C kuimitsa pulogalamu, G kupitiriza, D kutulutsa dump, ndi F kutulutsa dump yodzaza. Chala chimathamangira chokha ku C kuti phokoso lithe.

Madala amene ankatiyang'anira sankalola zimenezo. Amangoti, "Iwe, D kaye." Kenaka WRKSPLF, lamulo loonetsa zodikira kusindikizidwa, n'kupeza fayilo ya dump yotchedwa QPPGMDMP, n'kusindikiza pa mapepala otambalala aja a mabowo m'mbali. Ankavala magalasi, kutenga rula ndi pensulo, n'kuyamba kutsika mzere ndi mzere akauntanti ali chiimire. Pamwamba pa dump pamakhala dzina la pulogalamu, makodi a vutolo (status 00907 ndi MCH1202) ndi nambala ya statement, mzere wa pulogalamu womwe yaferapo. Atapeza mzere umenewo mu source, ankaona ma field amene ali pamenepo, basi, osati masamba onse aja. Tsiku lina anazungulira ndi pensulo field ya makilo a thonje. Mkati mwake munali 404040.

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Makina amenewa amasunga zilembo mu kodi yotchedwa EBCDIC, ndipo mu EBCDIC malo opanda kanthu amaoneka ngati 40 mu hex, kalembedwe kamene dump imaonetsera ma byte. Field ya packed decimal imasunga manambala awiri mu byte imodzi, ndipo theka lomaliza la byte yomaliza ndi chizindikiro: F kapena C ngati nambala ili pamwamba pa ziro, D ngati ili pansi. Choncho 123 amakhala 123F. Tsono 404040 yathera pa 0, ndipo 0 si chizindikiro. Makina akakana kuwerengera zimenezo sanalakwe ayi. Akukana kulipira munthu ndalama yongopeka.

N'chifukwa chake ndimanyansidwa ndikamva kuti "makinawa ndi akale, amangovutavuta". Akale inde. IBM inatulutsa AS/400 mu 1988, kulowa m'malo mwa System/36 ndi System/38, dzina linasintha kukhala iSeries mu 2000, ndipo kuyambira 2008 timati IBM i, ngakhale m'maofesi aliyense akadangoti AS/400. Koma ukale wake ndi womwe umachititsa kuti pulogalamu ya nthawi imeneyo izigwirabe lero. Vuto lili mwa ife. Ana akutuluka ku koleji akudziwa Java ndi Python, zomwe ndi zabwino, koma sindinakumanepo ndi mmodzi yemwe anaonetsedwa RPG ali pasukulu. Amadala odziwa akupuma ntchito, ena akukalima mpunga ku Lifuwu, ndipo chimene amasiya ndi kapepala komata pa monita: "Ikaima, yankhani C." Kampani yosunga malipiro a anthu mazanamazana ikuyendera kapepala!

Ndipo C ndi wabwinoko. Amene ndimamuopa ndi G. G amauza pulogalamu kuti isiye zomwe imachita, ipite ku *GETIN, pomwe imawerengera ma record, ikatenge record yotsatira. Job imatha bwinobwino, aliyense aweruka mosangalala, koma pali munthu mmodzi amene malipiro ake adumphidwa kapena awerengedwa theka. Mudzamudziwa akadzabwera ndi payslip m'manja. Bwana wolamula G pa pulogalamu ya ndalama sayenera kukhala ndi password, ndanena ndanenanso.

Komabe dump musaipembedze. Ili ngati chinthu chomwe mwera waponya pagombe ku Senga Bay: mukuona pamene chafikira, osati pamene chinagwera m'madzi. 404040 ya makilo ija siinabadwire mu pulogalamu ya malipiro. Inalowa kale, munthu wina atakopera fayilo ya ku sikelo ndi CPYF FMTOPT(*NOCHK), lamulo lomwe limangothira ma byte osafunsa kuti akugwera pati. Nthawi zina gwero lili mu pulogalamu momwemo: data structure yopanda INZ, mawu oiuza zoyambira nazo, imayamba itadzaza ndi 40, ngakhale ma subfield ake ndi a manambala.

Zoti muchite mwezi uno

Uthenga ukabwera, onani job log kaye ndi DSPJOBLOG job isanafe, chifukwa mauthenga apambuyo kawirikawiri amanena zambiri kuposa womalizawo. Yankhani D. Mu QPPGMDMP pezani statement, pezani field, werengani hex yake, ndipo lembani key ya record yomwe inali m'manja. Tsegulani fayiloyo ndi DSPPFM, dinani F10 kuti ioneke mu hex, muone ngati zoipazo zili m'fayilo momwemo. Ngati dump yatuluka yopanda ma field, pulogalamu inapangidwa ndi DBGVIEW(*NONE). Pemphani ipangidwenso ndi *SOURCE kapena *LIST, muonjezere OPTION(*SRCSTMT) kuti manambala a statement afanane ndi a mu source. 

Mwafunsanso ngati munganditumizire dump yonse pa WhatsApp. Ayi achimwene, musatero. Mmenemo muli mayina, malipiro ndi manambala a akaunti a anzanu akuntchito. Nditumizireni mizere ya pamwamba ija ndi hex ya field imodziyo yokha, dzina la munthu mutalifufuta.