Maluwa achikasu okhalitsa a papaki: musankhe opirira Okutobala

Mayi, mwafunsa maluwa achikasu osafuna kubzala chaka ndi chaka, oti gulu lanu la ongodzipereka libzale papaki ya m'tauni. Musasankhe potengera kukongola kwa mu Febuluwale. Ganizirani za Okutobala, pamene dzuwa laswa mtengo ndipo othirira atsala awiri.

Wopirira kwambiri ndi bulbine, wochokera ku South Africa, wamasamba amadzimadzi ngati a anyezi. Mumangogawa tsinde n'kubzala motalikana masentimita 30. Chilala sachiopa, chomwe chimamupha ndi madzi odikha, ndiye bedi likhale lokwera. Euryops ndi kachitsamba kochita maluwa pafupifupi chaka chonse. Dulani nthambi zanthete za masentimita 10, zimere m'machubu, kenako muwokere motalikana masentimita 80. Mukapanda kumudulira amayoyoka masamba kunsi.

Daylily, duwa la masamba aatali ngati udzu, amafuna chidwi pobzala. Pamene masamba akumana ndi mizu pasakwiririke kupitirira masentimita 3, apo ayi mudzaona masamba okhaokha. Pakatha zaka 3 kapena 4 matsinde amathinana, maluwa n'kuchepa. Fukulani, gawani, bzalaninso, ndipo mbewu yotsala mupatse sukulu yoyandikana nayo. Canna wachikasu ndi wokongola koma ndi chidakwa cha madzi, muikeni pafupi ndi mpopi basi.

Deliya ndi lantana ayi. Zimabalalika n'kupha zinzake.

Bzalani mu Disembala mvula itakhazikika. Galawuzani dothi masentimita 30 kuya, musakanize ndowa imodzi ya manyowa owolerana pa sikweya mita iliyonse. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimatentha mizu, yureya naye amangochulutsa masamba. Phimbirani ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde, chifukwa chiswe chimayambira pomwepo.

Ntchito zotere kawirikawiri zimafera pa anthu. Onse amabwera Loweruka, kuthirira mpaka matope, sabata yonse osaonekanso. Gawani mabedi, lililonse likhale ndi eni ake awiri, mayina alembedwe m'kope. M'chilimwe kheni imodzi ya malita 10 pa sikweya mita, kawiri pa sabata m'mamawa, ndi yokwanira. Kuwaza madzi ochepa tsiku lililonse kumachititsa mizu kuyenda pamwamba. Zikani kamtengo pambewu iliyonse yatsopano, popeza wobwera kumene akagwira khasu sasiyanitsa daylily wamng'ono ndi udzu.

Musanakumbe, kaonaneni ndi a khonsolo akulozereni modutsa mapaipi ndi mawaya apansi.