Mafunso ndi Mayankho: Mipikisano ya Magalimoto ku Ulaya Nkhondo Yachiwiri Isanayambe

Funso: A Mkonzi, ana anga amakonda kuonera Formula One pa wailesi yakanema, ndipo atandifunsa kuti masewera amenewa anayamba liti ndinawauza kuti mu 1950. Mnzanga akuti ndinawanamiza. Kodi zoona ndi ziti?

Yankho: Bambo, anawo simunawanamize ngati mumanena za mpikisano wa akatswiri a padziko lonse, umene unayambira pa bwalo la Silverstone ku Britain mu Meyi 1950, koma mnzanuyo akudziwa kuti pofika chaka chimenecho magalimoto anali atapikisana kale kwa zaka zoposa 50. Olemba mbiri ambiri amayambira pa 22 Julayi 1894, pamene nyuzipepala ya Le Petit Journal inakonza ulendo woyesa magalimoto kuchokera ku Paris kukafika ku Rouen, mtunda wa makilomita pafupifupi 126. Woyamba kufika anali Jules-Albert de Dion, koma sanalandire mphoto yoyamba chifukwa galimoto yake inkayendera nthunzi ndipo inkafuna munthu wina wosonkhezera moto, choncho oweruza anagawa mphotoyo kwa makampani a Peugeot ndi Panhard et Levassor, amene magalimoto awo ankayendera petulo.

Liwiro linakula msanga modabwitsa. Mu Juni 1895 Émile Levassor anachoka ku Paris kupita ku Bordeaux n'kubwerera, makilomita 1,178, ndipo anatha maola pafupifupi 49 akuyenda usana ndi usiku, kutanthauza makilomita pafupifupi 24 pa ola. Patangopita zaka 8, pa mpikisano wa mu Meyi 1903 wochokera ku Paris wopita ku Madrid, Fernand Gabriel anafika ku Bordeaux pa galimoto ya Mors akuyenda makilomita pafupifupi 105 pa ola, m'misewu yafumbi yodutsa m'midzi, imene m'mbali mwake munali mitengo ndi makamu a anthu osadziwa kuti galimoto yothamanga chotero siingaime msanga. Panafa madalaivala, amakaniko ndi oonerera, ndipo Marcel Renault, mmodzi wa abale amene anayambitsa kampani ya Renault, anavulala kwambiri n'kumwalira patapita masiku awiri. Boma la France linalamula kuti mpikisanowo uthere ku Bordeaux komweko. Ine ndimaona kuti zimene zinachitika tsiku limenelo n'zimene zinapitirira mpaka 1939, zakuti amisiri ankapeza liwiro msanga kuposa mmene okonza mipikisano ankapezera njira zotetezera anthu.

Kuchokera pamenepo mipikisano ikuluikulu inayamba kuchitikira m'misewu yozungulira, yotsekedwa kwa anthu ena. Grand Prix yoyamba inachitika pa 26 ndi 27 Juni 1906 pafupi ndi Le Mans, pa njira ya makilomita 103 imene anaizungulira maulendo 12 m'masiku awiriwo. Anapambana anali Ferenc Szisz, mbadwa ya ku Hungary, pa galimoto ya Renault, ndipo chimene chinamuthandiza kwambiri sichinali injini yokha ayi koma marimu a Michelin ochotseka pamodzi ndi tayala lopopa kale, pamene ambiri mwa anzake ankadula tayala lakutha ndi mpeni n'kuvutika kuveka lina padzuwa limene linkasungunula phula. Kenaka kunabwera mabwalo omangidwira ntchito imeneyi, monga Brooklands ku Britain mu 1907, Monza ku Italy mu 1922 ndi Nürburgring ku Germany mu 1927, ngakhale kuti anthu a ku Italy sanasiye misewu ya onse, poti Targa Florio ya m'mapiri a ku Sicily inayamba mu 1906 ndipo Mille Miglia, yochoka ku Brescia kukazungulira ku Rome n'kubwerera, inayamba mu 1927.

Funso: Pa zithunzi zakale ndimaona anthu awiri m'galimoto imodzi yopikisana. Wachiwiriyo ankatani? Nanga n'zoona kuti magalimoto a ku Germany anakhala asiliva chifukwa chopala penti usiku umodzi?

Yankho: Wachiwiriyo anali makaniko, ndipo ntchito yake inali kupopa mafuta, kuyang'ana kumbuyo ngati wina akufuna kupitirira, ndi kusintha matayala kapena kukonza galimoto ikafa kutali ndi anzawo. Iye ankakumana ndi ngozi zonse za dalaivala popanda chiwongolero chogwira ndiponso popanda kutchuka. Tom Barrett, makaniko wa kampani ya Sunbeam, atafa pa mpikisano wa ku San Sebastián mu 1924, amakaniko analetsedwa kukwera nawo m'mipikisano ya Grand Prix kuyambira 1925.

Nkhani ya mitundu inachokera ku chikho cha Gordon Bennett, chimene ankalimbirana kuyambira 1900 mpaka 1905 pakati pa mayiko osati makampani, ndipo m'kupita kwa nthawi France inadziwika ndi mtundu wabuluu, Britain wobiriwira, Italy wofiira, Germany woyera. Nthano imene mwamvayo imati mu 1934 galimoto ya Mercedes-Benz inapitirira kulemera kololedwa ndi kilogalamu imodzi, ndipo amakaniko anachezera kupala penti yoyera mpaka kunatsala chitsulo chonyezimira. Anaifalitsa ndi Alfred Neubauer, mkulu wa timuyo, patapita zaka zambiri, koma ofufuza ambiri amaikayikira, chifukwa galimoto yasiliva ya Manfred von Brauchitsch inali itapambana kale pa bwalo la AVUS ku Berlin mu 1932, ndipo magalimoto a Auto Union, kampani inanso ya ku Germany, anali asiliva chiyambire.

Funso: A Mkonzi, ndinamva kuti m'zaka za m'ma 1930 magalimoto a ku Germany ankapambana chifukwa cha ndalama za Hitler basi. Ine ndikuona ngati kutero n'kupeputsa amisiri amene anawapanga. Inu mukuti bwanji?

Yankho: Mayi, ndalamazo zinalipodi ndipo sitiyenera kuzibisa, koma pazokha sizikanapambana mpikisano ngakhale umodzi. Chiyambi cha nkhaniyi ndi lamulo limene bungwe la AIACR, loyang'anira masewerawa kuchokera ku Paris, linakhazikitsa kuti ligwire ntchito kuyambira 1934, lakuti galimoto ya Grand Prix isalemere kupitirira makilogalamu 750 popanda kuwerengera dalaivala, mafuta, madzi ndi matayala. Okonza lamulowo anali ndi chifukwa chomveka, poti imfa zinali zitachuluka: mu 1928 galimoto ya Emilio Materassi inalowa m'khamu ku Monza n'kupha iye mwini ndi oonerera oposa 20, ndipo pa bwalo lomwelo mu Sepitembala 1933 madalaivala atatu, Giuseppe Campari, Baconin Borzacchini ndi Stanisław Czaykowski, anafa tsiku limodzi. Iwo ankaganiza kuti galimoto yopepuka siingathe kunyamula injini yaikulu, motero liwiro lidzachepa lokha. Chimene sanachione n'chakuti lamulolo silinaike malire pa kukula kwa injini kapena pa mtundu wa mafuta.

Amisiri a ku Germany analowera pa mpata umenewo. Anagwiritsa ntchito zitsulo zopepuka, anaboola mabowo paliponse pamene chitsulo sichinkanyamula katundu, ndipo kulemera kumene anapulumutsa anakupereka ku injini zokhala ndi supercharger, chipangizo chokankhira mpweya wambiri m'masilinda, zimene zinkamwa mafuta osakaniza ndi methanol. Ferdinand Porsche anapangira Auto Union galimoto ya masilinda 16 yokhala ndi injini kumbuyo kwa dalaivala, kamangidwe kamene magalimoto onse a Grand Prix anadzakatsatira patapita zaka zoposa 20. Ku Mercedes-Benz, zinthu zitavuta mu 1936, injiniya wachinyamata Rudolf Uhlenhaut anakwera yekha magalimotowo pa Nürburgring kuti amve chimene chinkawavuta madalaivala, ndipo zotsatira zake zinali galimoto ya W125 ya 1937, ya injini ya malita 5.6 ndi mphamvu za horsepower pafupifupi 600. Lamulo lofuna kuchepetsa liwiro linabala magalimoto opitirira makilomita 300 pa ola, oyenda pa matayala opyapyala, oyendetsedwa ndi anthu ovala zipewa zansalu kapena zachikopa, opanda lamba womangira pampando.

Tsono za ndalama zija. Kuyambira 1933 boma la Nazi linkapereka thandizo la chaka ndi chaka limene makampani awiriwo ankagawana, pamodzi ndi ndalama zina zowonjezera akapambana. Thandizolo linali gawo chabe la zimene makampaniwo ankawononga, koma kuyanjana ndi boma kunkawatsegulira makomo a ntchito zina zazikulu, ndipo bomalo linkatenga chipambano chilichonse ngati umboni wa mphamvu zake. Masewera onse a magalimoto m'dzikolo anali m'manja mwa Adolf Hühnlein, mtsogoleri wa NSKK, gulu la chipani cha Nazi loona za magalimoto, ndipo Bernd Rosemeyer, katswiri wa ku Ulaya wa 1936, anali membala wa SS, gulu la asilikali a chipanicho. Ku Italy nakonso Alfa Romeo inalowa m'manja mwa boma la Mussolini mu 1933. Ndikugwirizana nanu kuti luso la amisiriwo linali lenileni, koma sindingalilekanitse ndi ntchito imene boma lankhanza linalipatsa, ndipo amene amasimba za magalimotowa osatchula mbendera zimene zinkapepera pamwamba pawo amakhala atasiya theka la nkhani.

N'chifukwa chake masiku ochepa amene magalimoto a ku Germany anagonja amakumbukiridwa kwambiri. Pa 28 Julayi 1935, pa Grand Prix ya ku Germany, Tazio Nuvolari, wa zaka 42, anabwera ndi Alfa Romeo P3 yakale ya timu ya Enzo Ferrari, yochepa mphamvu kwambiri poyerekeza ndi magalimoto asiliva 9 amene analipo. Pothira mafuta pampu inathyoka ndipo anataya mphindi zoposa ziwiri, koma anabwerera mumsewu n'kuyamba kupitirira anzake mmodzimmodzi pa njira ya makilomita pafupifupi 23 yodzaza ndi makona. Von Brauchitsch, amene ankatsogola, anathamanga mopanikiza matayala ake pofuna kumuthawa, ndipo pa ulendo womaliza tayala lakumbuyo linaphulika, Nuvolari n'kupambana pamaso pa akuluakulu a chipani. Mu Epulo 1938 René Dreyfus, Mfalansa amene bambo ake anali Myuda, anagonjetsanso Mercedes-Benz m'misewu yopapatiza ya mu mzinda wa Pau ku France pa galimoto ya Delahaye, imene inali yochepa mphamvu koma yosamwa mafuta ambiri, moti sanafunike kuima kuti athire ena.

Mtengo wa mpikisano wa makampani awiriwo unaoneka poyera pa 28 Januwale 1938, pa msewu waukulu wa pakati pa Frankfurt ndi Darmstadt. M'mawa wa tsikulo Rudolf Caracciola, amene anakhala katswiri wa ku Ulaya mu 1935, 1937 ndi 1938, anafika pa liwiro la makilomita 432.7 pa ola pa galimoto ya Mercedes-Benz. Rosemeyer anayesa kumupitirira mphepo itayamba kale kuwomba, galimoto yake ya Auto Union inachoka mumsewu, ndipo anafera pomwepo ali ndi zaka 28.

Funso: Kodi mipikisanoyi inatha bwanji nkhondo itayamba, nanga madalaivala aja zinawathera bwanji?

Yankho: Grand Prix yomaliza ya nyengo imeneyo inachitikira ku Belgrade pa 3 Sepitembala 1939, patapita masiku awiri asilikali a Germany atalowa m'dziko la Poland, tsiku lomwelo limene Britain ndi France analengeza nkhondo. Anapambana anali Nuvolari, amene panthawiyo ankayendetsera Auto Union. Miyezi yoposa iwiri izi zisanachitike, Richard Seaman, Mngelezi amene ankayendetsera Mercedes-Benz ndipo anapambana Grand Prix ya ku Germany mu 1938, anali atamwalira ndi mabala a moto atawomba mtengo pa bwalo la Spa ku Belgium mvula ikugwa. Bwalo la Brooklands linasanduka malo opangira ndege zankhondo ndipo silinatsegulidwenso, pamene magalimoto ambiri a Auto Union, amene fakitale yawo inali ku Zwickau, anatengedwa kupita ku Soviet Union nkhondo itatha.

Pa madalaivala, amene ndikufuna muwadziwe ndi atatu a timu ya Bugatti. William Grover-Williams, amene anapambana Grand Prix yoyamba ya ku Monaco mu 1929, analowa m'gulu lachinsinsi la Britain la SOE ndipo anatumizidwa ku France kukathandiza anthu olimbana ndi ulamuliro wa Nazi mobisa. Kumeneko anagwira ntchito ndi Robert Benoist, katswiri wa Delage wa 1927 amene anapambananso mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1937, komanso ndi Jean-Pierre Wimille, mnzake wa Benoist pa chipambano chimenecho. Benoist anagwidwa n'kuphedwa ku ndende ya Buchenwald mu Sepitembala 1944, ndipo Grover-Williams anaphedwa ku ndende ya Sachsenhausen kumayambiriro kwa 1945. Wimille yekha ndiye anapulumuka. Mipikisano itayambiranso pa 9 Sepitembala 1945 ku Bois de Boulogne mu mzinda wa Paris, umodzi mwa mipikisano ya tsikulo unatchedwa dzina la Benoist, ndipo waukulu, wotchedwa Coupe des Prisonniers, anapambana ndi Wimille pa galimoto ya Bugatti yopangidwa nkhondo isanayambe.