Foni imathandiza ngati kumbali inayo kuli munthu woyankha

Achimwene, mwafunsa kuti zogwiritsa ntchito mafoni pa zaumoyo m'maiko osaukawa zimathandizadi kapena ndi njira yongodyera ndalama za mabungwe opereka thandizo. Ine ndikuti zimathandiza ndithu, komano zomwe zagwira bwino ntchito si ma app okongola aja ayi, ndi ka SMS wamba pa kafoni ka mabatani.

Taonani zomwe anachita ku Nairobi, pulojekiti ya WelTel. Odwala oyamba kumene ma ARV ankalandira uthenga kamodzi pa sabata, mawu amodzi basi a Chiswahili, "Mambo?", ndiye kuti muli bwanji. Munthu amayankha "Sawa" ngati ali bwino kapena "Shida" ngati pali vuto, ndipo akanena kuti pali vuto kapena akangokhala chete masiku awiri nesi amamuimbira. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2010, anthuwa amamwa mankhwala mokhulupirika kuposa anzawo osalandira uthenga. Chomwe chimandikhudza ine nchoti uthengawo sumatchula HIV olo pang'ono. Ganizani mayi yemwe foni yapakhomo imakhala m'thumba mwa bambo, mayiyo sanaulule za magazi ake, ndiye pafike meseji yoti imwani ma ARV bamboyo awerenge, banja litha kutha tsiku lomwelo. Amene anakonza zimenezi anaganizira munthu weniweni.

Kwina foni imathandiza osakhudza wodwala nkomwe. Ku Tanzania mu 2009 anayamba pulojekiti ya SMS for Life m'maboma atatu, azaumoyo amawerenga mabokosi a mankhwala a malungo sabata iliyonse nkutumiza nambala, akuluakulu kuboma amaona pompo kuti uku atha uku alipo ambiri nkusamutsa. Zipatala zosowa mankhwalawa zinatsika kuchoka pa 78% kufika pa 26% m'masabata 21 okha. Mwana wotentha thupi akapeza mankhwala alipo, mayi ake sadziwa nkomwe kuti ndi SMS yawathandiza.

South Africa ili ndi MomConnect kuyambira 2014 yotumiza mauthenga a zaumoyo kwa amayi oyembekezera, India ili ndi Kilkari yomwe imachita kuwaimbira foni amayi otere ndi mawu ojambulidwa poti si aliyense amatha kuwerenga, ku Ghana a bungwe la mPedigree anayambitsa zokanda nambala pa paketi ya mankhwala nkuitumiza kuti udziwe ngati mankhwalawo si achinyengo.

Komatu nkhawa yanuyo ndiyomveka. Mapulojekiti ambiri amafa ndalama zikangotha, mafoni ali mu kabati, palibe wogula mayunitsi, batire inafufuma kalekale. Uganda inafika potopa nazo moti mu 2012 boma linaimitsa kaye mapulojekiti atsopano otere chifukwa bungwe lililonse limabwera ndi sisitemu yake yosalumikizana ndi inzake. Zomwe zimakhalitsa ndi zomwe boma lazitenga kukhala zake, ngati Chipatala Cha Pa Foni, choimbirako foni kufunsa malangizo a zaumoyo, chomwe bungwe la VillageReach linayamba ku Balaka mu 2011 kenako chinapita m'manja mwa unduna wa zaumoyo.

Ndipo chinthu china chimandiwawa mtima kwambiri, mayi akutaya magazi usiku atabereka, wazaumoyo wa m'mudzi watumiza uthenga, wafika bwinobwino, koma ambulansi ilibe mafuta. Apo foni yachita mbali yake yonse, mayiyo akudikirabe pa mphasa.