Kodi ufa wa chitsulo ungalimbitse resin?

Funso: Ndine msodzi wa ku Senga Bay. Chogwirira cha chingwe cholizira injini ya boti langa chinathyoka. Mphwanga amene ali pasukulu ku Lilongwe akuti andipangira china pa makina a 3D printer, ndipo athira ufa wa chitsulo mu resin kuti chilimbe ngati chitsulo. Kodi nzotheka?

Yankho: Bambo, mphwanuyo sakunama, koma mawu oti "ngati chitsulo" wo achotsepo. Resin ndi pulasitiki wamadzimadzi amene makinawo amaumitsa, ndipo ngakhale mumuthire chitsulo amakhalabe pulasitiki.

Resin wouma amathetheka ngati galasi: mng'alu ukayamba umangothamanga mpaka kutsidya. Timibulu ta chitsulo tikamwazikana bwino mkatimo, mng'alu uja umati ukagunda kambulu nkukhota, kugundanso kena nkukhotanso, mphamvu yake nkumathera m'njira. Phindu lake ndi limenelo. Koma zimatheka pokhapokha resin atagwirana ndi kambulu kalikonse. Ufa ukakhala ndi mafuta kapena dzimbiri, kapena ukaundana m'zibuluma, kambulu kalikonse kamasanduka poyambira mng'alu. Ndi chimodzimodzi mmisiri wochulutsa mchenga mu simenti: khoma looneka bwino, koma kulikanda ndi chikhadabo likuyoyoka. Nchifukwa chake m'mafakitale amayamba atsuka ufawo nkuupaka mankhwala otchedwa silane.

Vuto lalikulu lili pa makinawo. Printer ya resin imaumitsa ndi kuwala, kagawo kamodzikamodzi kopyapyala pafupifupi 0.05 mm. Chitsulo sichilola kuwala kudutsa. Mukachulutsa ufa, kuwalako sikufika pansi pa kagawo, magawo sagwirana, ndipo chinthucho chimakanganuka ngati mapepala a buku lonyowa. Komanso chitsulo nchoposa resin kulemera kasanu ndi kawiri kapena pafupifupi pamenepo, ndiye pamene makina akugwira ntchito kwa maola angapo, ufa umakhala ukudikha pansi. Mbali ina ya chogwirira chanu idzakhala ndi chitsulo chambiri, ina yopanda kanthu. Akapanga yekha ufawo popala chitsulo ndi tupa, monga ndaonera anyamata ena akuchita, ndiye kutaya resin wodula: timibulu take ntatikulu kuposa kagawo komwe, ndipo timakanda kapulasitiki ka pansi pa thanki ya resin ya makinawo.

Mwina mukudabwa kuti nanga Pratley Steel, amene timamatira zitsulo zong'aluka, amagwira bwanji. Uja sauma ndi kuwala. Amauma chifukwa mwasakaniza machubu awiri aja, ndiye ngakhale ade bwanji amauma mpaka mkati.

Tsono chogwirira chanucho chimakokedwa mwadzidzidzi m'mawa uliwonse, chimakhala padzuwa la kunyanja ndi m'madzi. Dzuwa limapitiriza kuumitsa resin mpaka kumufooketsa, ndipo chitsulo choonekera pamwamba chidzachita dzimbiri ngakhale madzi a nyanja yathu alibe mchere. Ine ndikanamuuza mphwanuyo asiye ufa, agwiritse ntchito makina enawo osungunula ulusi wa pulasitiki, asankhe PETG kapena nayiloni, bowo lopisa chingwe alizungulize ndi mnofu wochindikala. Ngati ali ndi makina a resin okha, agule wolembedwa kuti "tough".

Pakadali pano, kamtengo kolimba koboola pakati kakuliziranibe injini mpaka chogwirira chatsopano chifike kuchokera ku Lilongwe.