Mtengo wa mango wagwa: mtengo uti?

Mayi wina amene akuphunzitsa ana ake kuwerenga Chichewa ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti mwana wake anawerenga chiganizo chakuti "Mtengo wa mango wagwa" n'kufunsa ngati nkhaniyo ndi ya kumunda kapena ya kumsika, ndipo mayiyo akufuna kudziwa njira yozindikirira tanthauzo loyenera pamene liwu limodzi lili ndi matanthauzo angapo.

Mayi, mwana wanuyo wafunsa zanzeru. Tikamalankhula, mawu awiriwa amasiyana kamvekedwe: pa mtengo womera mawu amakwera pa "te", pamene pa mtengo wogulira zinthu amakhala otsika. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kumeneku, choncho woŵerenga amadalira mawu oyandikana nawo.

Poyamba muphunzitseni kuyang'ana mgwirizano wa mawu. Munthu akalemba "mbale yanga yasweka", "yanga" akutiuza kuti ndi mbale yodyera, koma "mbale wanga wabwera" akunena za munthu. Tsoka lake, pa mtengo njirayi siithandiza, chifukwa matanthauzo onse awiri amatenga "wa" ndi "uwu", ndipo ochuluka ake ndi "mitengo".

Apa m'pamene mneni amagwira ntchito yaikulu. Mtengo ukauma, ukazuka kapena ukaphukira, ndi womera. Ukakwera kapena ukatsika, ndi wa pamsika, pakuti mtengo womera timachita kuukwera ndife. Koma "wagwa" amayenera ponseponse, n'chifukwa chake chiganizo chija chinamuimitsa mwanayo. Zikatere abwerere m'mbuyo aone amene akulankhula, malo ndi nyengo. Ngati ndi mayi wogulitsa amene wakhala pambali pa dengu lodzaza mu Disembala, mango atachuluka mpaka ena akuolera pansi, ndiye kuti akudandaula za ndalama. Ngati chiganizo cham'mbuyo chatchula chimphepo cha usiku ndi denga lophwanyika, nkhani ndi ya nkhwangwa.

Ine sindikonda kuti mwana azithamangira ku mtanthauziramawu, chifukwa bukulo limangondandalika matanthauzo onse osamusankhira. Ndi bwino mumpatse liwu ngati "kulemera" m'ziganizo ziwiri, china cha thumba la chimanga, china cha munthu wa ng'ombe zambiri, kenako aloze ndi chala liwu limene lamuthandiza. Akatero, muwerengereni mokweza kuti khutu lake limve kusiyanako.