Musakathire mankhwala, achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati muthire mankhwala kuti muphe kaudzu ka masamba atatuatatu ndi maluwa oyera kamene kadzadza pa kapinga wanu ku Christchurch, ku New Zealand. Pa chithunzi mwatumiza chija ndikuona white clover, amene asayansi amati Trifolium repens. Ine ndingoti kasiyeni.

Kwawo kwenikweni ndi ku Ulaya ndi mbali zina za Asia. Ku New Zealand kanabwera ndi azungu m'zaka za m'ma 1800 kuti kakhale msipu wa nkhosa ndi ng'ombe, kenaka kanayamba kudzimerera kokha m'mbali mwa misewu ndi m'mabwalo mpaka kukhala ngati mbadwa. Kamayanga pansi ngati kholowa, n'kumazika mizu pa mfundo, n'chifukwa chake ngakhale mutchetche chotani kamaphukanso.

Tazulani kamodzi muone mizu yake. Mupeza timibulu tonga tija timakhala ku mizu ya mtedza kapena soya. M'menemo mumakhala tizilombo ta Rhizobium timene timakoka nayitirojeni mumpweya, ndipo masamba ndi mizu zikawola, kapinga wanu amadyako. Ndi zomwezija amatiuza alangizi kumudzi, kuti chimanga chizilowa pamene panali nyemba. Mukakapha, ndiye kuti muzikagula feteleza wogwira ntchito imene kaudzuka kamakugwirirani ulere.

Ndiye pali nkhani ya njuchi, imene ine imandisangalatsa. M'bale wake wa kaudzuka, red clover, ali ndi duwa lakuya loti njuchi wamba zimavutika kufika mkati, moti atafika naye kumeneko sankabereka njere bwino. Mu 1885 anachita kukatenga njuchi zikuluzikulu zaubweya zija, ma bumblebee, ku England n'kudzazitulutsa ku Canterbury kwanuko. Zimene mukuziona zikulira pa maluwa pakhomopo ndi zidzukulu za alendo ngati amenewo! Uchi wa clover wa m'masitolo nawo umachokera ku timaluwa toyera tomweti, ngakhale opanga ake ndi njuchi wamba.

Sindikuti kalibe vuto. Mwana woyenda wopanda nsapato akhoza kuponda njuchi, choncho pamene amasewera muzitchetcha maluwa akachuluka. Ng'ombe zikakadya mopitirira kali kanthete zimatupa mimba, koma poti simukuweta, izo n'za alimi.

Chimodzi chokha, onetsetsani masambawo. Akakhala ooneka ngati mtima, maluwa ake achikasu kapena apinki, ameneyo ndi oxalis, osati clover. Iyeyo sapereka chonde, ndipo mitundu yake ina ili ndi timbatata pansi tovuta kutha.