Mwana akuti akufuna career osati job

Mayi ena andilembera kuti mwana wawo walemba MSCE chaka chino, achimwene awo amupezera ntchito mu shopu koma mwanayo wakana, akuti "ine ndikufuna career osati job". Ndiye akufunsa kuti kodi career yo ndi chani, ndi ntchito ya mu ofesi kapena?

Mayi, si ya mu ofesi ayi. Ana athu ambiri akamva career amaona tayi ndi mpando wozungulira uja, koma mawuwa poyamba sankanena za ntchito n'komwe. Analowa mu Chingerezi zaka za m'ma 1500 kuchokera ku Chifalansa, carrière, ndipo ankatanthauza msewu kapena bwalo lothamangitsiramo akavalo. Mukakumba pansi mufika ku Chilatini, carrus, yomwe ndi ngolo, ngolo ndithu ngati yomwe imatuta chimanga kumudzi kuno, ndipo car uja timati galimoto anachokeranso pomwepo. Tanthauzo loti ulendo wa munthu pa ntchito moyo wake wonse labwera mochedwa, cha m'ma 1800. Lakale lija silinafenso, mu nyuzi ya Chingerezi mukawerenga kuti basi careered off the road ndiye kuti basiyo inathamanga mosawongoleka mpaka kusiya msewu. Ophunzira muisunge imeneyi.

Job ndi ina. Kalelo Angerezi ankati jobbe of worke, kachidutswa ka ntchito, wagwira walipidwa mwathana. Ganyu basi.

Ndiye mwana wanuyo sakulakwa kufuna career, ine ndakondwa kuti akuganiza za kutsogolo, pomwe wasokoneza ndi kuganiza kuti career imagwa kumwamba yathunthu. Career ndi msewu, job ndi pomwe phazi laponda lero pa msewuwo. Tangoganizani mu shopumo, m'mawa kuwerenga mabelo a shuga omwe atsala, kulemba m'buku zomwe zalowa ndi zatuluka, madzulo kuwerengera ndalama mpaka zigwirizane ndi zogulitsidwa ndipo K500 ikasowa ufufuze kuti yapita kuti, izi ndi zomwe wa accounting amachita tsiku ndi tsiku kungoti iye ali ndi pepala. Ngati masamu amamuyendera, atha kumagwira mu shopumo kwinaku akuwerenga za mayeso a ICAM, bungwe loona za accounting kuno ku Malawi.

Ngakhale CV yomwe adzafunsidwe kulikonse ikunena zomwezi. Ndi curriculum vitae, Chilatini chomwecho, curriculum achokera ku currere, kuthamanga, vitae ndi za moyo. Bwana akati bweretsa CV akufuna aone mapazi ako, wadutsa muti, ndipo zimandipweteka ndikaona mwana wanzeru CV yake ili mbee chaka chathunthu chifukwa amadikira ntchito ya tayi.

Musamukalipire mayi. Mukhale naye pansi mumufunse kuti msewu wake akufuna ukathere kuti. Akati unamwino kapena zamagetsi, muvomereze kuti shopu simufikitsa kumeneko, koma imupatsa ya mafomu ndi thiransipoti podikira zotsatira, ndipo zikatuluka muyang'ane sukulu za unamwino kapena makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Ndipo tsiku lomwe azidzasiya mu shopumo asachoke chimanjamanja, apemphe eni ake amulembere kalata yosonyeza miyezi yomwe wagwira ndi ntchito zomwe amagwira, asainire ndi kudinda chidindo.